Kwacha Yake Iti, Thumba Lake Liti?

Pa chipata cha Mwami, pomwe boma la Mchinji limathera ndipo dziko la Zambia limayambira, pali liwu limodzi limene anthu a mbali zonse ziwiri amalitchula kuyambira m'mawa mpaka madzulo, koma aliyense akutanthauza chake. Liwulo ndi kwacha. Ndalama yathu ndi kwacha, ya anzathu a ku Chipata ndi kwachanso, chonsecho kwacha imodzi ya ku Zambia imagula makwacha athu makumi angapo. Mu Januwale 2013 dziko la Zambia lidachotsa maziro atatu pa ndalama yake, ndipo mu Novembala 2023 kwacha yathu idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, kotero kuti mpata wa pakati pa mayina ofananawa wangonka nukula. Anthu awiri akamagulana maso ndi maso palibe vuto, pakuti ndalamayo ili m'manja ndipo aliyense akuiona. Koma uthenga wa pa foni wongonena kuti "thumba ndi 900" suli mtengo ayi. Ndi ndagi, ndipo wolephera kuimasulira amalipira ndi mpamba wake.

Nkhani ya ku Mchinji ikutikhudza ife a m'mphepete mwa nyanja kuposa momwe mapu angaonetsere. Usipa ndi utaka wa ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota umakwera mtunda, kudutsa Lilongwe, kutsata msewu wa M12 mpaka ku Kamwendo, ku boma la Mchinji, ndi kupitirira ku Chipata. Pobwerera galimoto zomwezo zimasenza mtedza ndi soya. Mu Disembala 2022 atsogoleri a mayiko awiriwa, Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema, adatsegula chipata chatsopano chimene wapaulendo amaima kamodzi kokha m'malo moima mbali zonse ziwiri. Katundu adafupikitsiridwa njira. Mawu otsogolera katunduyo, amene masiku ano amayenda pa WhatsApp, akadali kusochera monga kale, ndipo ndi mawuwo amene tikufuna kuwaika pa sikelo.

Tiyambe ndi thumba. Thumba la feteleza aliyense amadziwa kuti ndi makilogalamu 50. Koma thumba lomwelo likatha feteleza limayamba moyo wachiwiri, ndipo m'moyo umenewo silikhalanso ndi muyeso umodzi. Lodzadza mtedza wa makoko ndi lopepuka, lodzadza mtedza woswa ndi lolemera. Lina limasokedwa pakamwa penipeni, lina limalumikizidwa ndi chidutswa cha thumba linzake pamwamba kuti mulowe zambiri. Ndowa nayo ili ndi nkhope ziwiri, yosalaza ndi yosefukira, monganso chigoba chimene timayezera usipa ku gombe. Ngakhale liwu loti mtedza silikwanira: Chalimbana si CG7, ndipo wogula amene akufuna mtedza wokazinga safuna mtundu womwewo umene woyenga mafuta akufuna. Pamwamba pa zonsezi pali chuku. Alimi ena amawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, ena kuti ulemereko pa sikelo, ndipo chinyezi chimenecho chimabala chuku cha poizoni chimene chidatsekera mtedza wa dziko lino misika ya ku Ulaya kwa zaka zambiri. Alimi a m'bungwe la MASFA ku Mchinji, lomwe lili pansi pa NASFAM, adabwereranso pa misika imeneyo m'zaka za m'ma 2000 pokhapokha atavomera kuti mtedza wawo uzisankhidwa ndi kuyezedwa. Kunja sadalandire mawu oti "mtedza wabwino". Adafuna nambala.

Kenaka pali mawa. Mawa lathu limatambasuka ngati mphira: litha kukhala tsiku lotsatira, litha kukhala sabata ya mawa, litha kukhala njira yaulemu yokanira. Kutsidya kwa chipata zinthu zimakomeratu, chifukwa m'Chinyanja cha m'matauni a ku Zambia liwu loti mailo limaimira dzulo ndi mawa lomwe. Polankhula, mneni ndiye amaulula ngati tsikulo lapita kapena likubwera. Koma mu uthenga wodulidwa wa pa foni, wonga "ndalama mailo", mneni mulibe. Wina akuti adatumiza kale, mnzake akudikira kuti atumiza. Nafenso tili ndi mawu athu a nthawi amene kwa ife ndi omveka ngati wotchi: ikatha Asr, tikatuluka Jumu'ah, Eid isanafike. Kwa kasitomala wa ku Chipata amene sadapondeko mu mzikiti, mawu amenewo sali pa kalendala yake.

Tisafulumire kunyoza kalankhulidwe kathu, monga amachitira ena ophunzitsa za bizinesi amene amaganiza kuti kuzungulira polankhula ndi ulesi wa maganizo. Si ulesi. Munthu wamkulu sauzidwa "ayi" pamaso, ndipo wogula amene wakhala nawe zaka khumi sumuuza mtengo usanamufunse za ana ndi odwala. Mawu oti "tiona" kapena "zitheka" ali ndi tanthauzo lenileni kwa amene akuona nkhope ya wonenayo, akumva kutsika kwa mawu ake, ndipo akudziwa mbiri yake. Makolo athu adayenda malonda a mtunda wautali, kuchoka ku nyanja ino mpaka ku Kilwa ndi ku Quelimane, ndi kalankhulidwe komweka, ndipo sadali anthu osokonezeka. Chimene chasintha n'chakuti nkhope yachoka. Kalankhulidwe kathu kadali ndi miyendo iwiri, mawu ndi maso. Foni yadula mwendo umodzi, koma ife tikuyembekeza kuti kathamangebe.

Bala lalikulu lili pakati pa mwini bizinesi ndi omutumikira. Mwini katundu ali ku Mangochi, mnyamata wake ali pa Kamwendo, dalaivala ali m'njira, ejenti wothandiza za msonkho ali pa Mwami. Bwana amajambula uthenga wa mawu wa mphindi zinayi. Umayamba ndi salamu ndi moni wa banja lonse, mtengo umatchulidwa pakati galimoto ikudutsa ndi phokoso, ndipo kumapeto kwenikweni amasintha maganizo pa chiwerengero cha matumba. Mnyamata amamvetsera kamodzi, bando yake ili pafupi kutha, nayankha kuti, "Ndamva, bwana." Apa chinenero chathu chomwe chimatitchera msampha. Kumva ndi ntchito ya khutu, kumva ndi kuzindikira, kumvanso ndi kugonjera. Mnyamatayo akuti mawu alowa m'khutu ndipo sakutsutsa. Bwana akumva kuti zonse zamveka. Matumba akafika olakwika, bwana amati mnyamata ndi wosamva, pomwe mnyamatayo adamva m'matanthauzo awiri mwa atatuwo.

Mlanduwu ife tikuupereka kwa wamkulu, osati kwa wamng'ono. Tonse tidaleredwa ndi mwambi woti safunsa adadya phula, koma m'nyumba ndi m'masitolo mwathu wantchito akafunsa kawiri timamuyang'ana ngati wamwano kapena mbuli. Tamuphunzitsa kuti phula n'lotsekemera kuposa diso la bwana. Anthu oyendetsa ndege adaphunzira phunziro lomweli ndi mtengo woopsa. Pa 27 Malichi 1977, pa bwalo la ndege la ku Tenerife, ndege ziwiri zikuluzikulu za KLM ndi Pan Am zidawombana m'chifunga ndipo anthu 583 adafa. Ofufuza adapeza kuti mwa zina zoyambitsa ngoziyo mudali mawu a matanthauzo awiri pa wailesi, komanso kuti wamng'ono m'chipinda choyendetsera ndege adakayikira koma sadaumirire pamaso pa mkulu wake. Chitachitika chimenechi, mawu a pa wailesi adakhwimitsidwa, wolandira lamulo amayenera kulibwereza kuti wolamulayo amve ngati lafika lathunthu, ndipo oyendetsa ndege amaphunzitsidwa kuti wamng'ono ali ndi udindo wofunsa. Matumba a soya si ndege, koma mankhwala ake ndi omwewo ndipo ndi aulere: wotumidwa abwereze uthenga m'mawu ake, ndipo wotuma amuthokoze m'malo momukalipira.

Tsopano m'bwaloli mwalowa mtumiki wa mtundu watsopano, amene sapuma, satopa, ndipo sadya nsima. Mu 2024 bungwe la Opportunity International lidayamba kuyesa m'dziko muno pulogalamu yotchedwa Ulangizi. Imagwira ntchito pa WhatsApp, m'Chichewa ndi m'Chingelezi. Mlimi atha kulemba funso, kulinena ndi pakamwa, kapena kutumiza chithunzi cha mbewu yodwala, ndipo yankho limachokera ku nzeru za makina za mtundu wa ChatGPT pamodzi ndi buku la malangizo a ulimi la unduna wa zamalimidwe. Poti alimi ambiri alibe foni zamakono, foniyo imanyamulidwa ndi mlimi mnzawo wophunzitsidwa amene amafunsa m'malo mwawo. Ganizoli n'labwino ndipo tikuliyamikira mosabisa. Alangizi a boma ndi ochepa, midzi ndi yambiri, ndipo mbozi sizidikira tsiku la msonkhano. Kumangirira mayankho ku buku la unduna ndi nzerunso, chifukwa makina osamangidwa amatha kulangiza mlimi wa kwa Mkanda ngati kuti munda wake uli ku Iowa.

Chimene sitikugwirizana nacho ndi chitamando chimene makina otere amalandira. Aliyense amasangalala kuti "amalankhula Chichewa", ngati kuti nkhani yathera pomwepo. Kulankhula Chichewa si chachilendonso: Google Translate idalandira Chichewa mu Disembala 2014, ndipo amene adaigwiritsapo ntchito akudziwa kuti kudziwa mawu a chinenero ndi kudziwa chimene munthu akutanthauza ndi zinthu zosiyana. Makina a mtundu umenewu adaphunzira poona zolembedwa zochuluka zedi, zambiri mwa izo za Chingelezi, ndipo luso lawo ndi kulosera liwu loyenera kutsatira linzake. N'chifukwa chake yankho lawo limatuluka losalala nthawi zonse, kaya n'loona kaya n'lolakwika. Munthu akamakayika amachita chibwibwi, amakanda kumutu, ndipo womvera amachenjera. Makina sakanda kumutu.

Taganizirani funso limene mlimi aliyense wa ku Mchinji angafunse m'mwezi wa Januwale: "Mbozi zikudya chimanga changa, ndithire chiyani?" Mbozi zake ziti? Kapuchi woboola phesi adali nafe kuyambira kale, pomwe ntchemberezandonda zachilendo zija zidafika m'dziko muno cha m'ma 2016 ndi 2017, ndipo kalimbanidwe kake si kamodzi. Chimangacho chafika m'mawondo kapena chamasula? Munda ndi waukulu bwanji? Mlimi amayeza ndi ekala, mabuku a boma amakonda hekitala, ndipo hekitala imodzi ndi pafupifupi maekala awiri ndi theka. Yemwe wapatsidwa muyeso wa hekitala nauthira pa ekala wathira mankhwala opitirira kawiri. Nanga chopoperacho ndi cha malita angati? Mlangizi wa mnofu ndi magazi, ataima m'mundamo, amayankha mafunso onsewa ndi maso ake asanatsegule pakamwa. Makina ali ndi njira imodzi yokha yowayankhira, ndiyo kufunsa. Choncho muyeso umene tikuikira mtumiki aliyense wa pa foni, kaya wa ulimi, wa banki kapena wa kampani ya mafoni, si kukoma kwa Chichewa chake. Ndi uwu: akapatsidwa funso losakwanira, kodi amabweza funso, kapena amathamangira kuyankha? Woyankha msanga ndi mnyamata uja wa "ndamva, bwana", kungoti uyu amanena molimba mtima ndipo sachita manyazi.

Dziko lino lili ndi chitsanzo chake chomwe cha momwe thandizo la pa foni lingakhalire labwino. Chipatala cha pa Foni chidayamba ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach mogwirizana ndi unduna wa zaumoyo, kenaka chidafalikira dziko lonse ndipo boma lidachitenga kukhala chake. Mphamvu yake sidali mu foni. Idali mwa anthu ophunzitsidwa amene amayankha, ndipo ntchito yawo yoyamba ndi kufunsa: mwanayo ali ndi miyezi ingati, wayamba liti kutentha thupi, akuyamwa kapena ayi. Ndipo pamene nkhani yaposa foni amanena poyera kuti pitani kuchipatala. Pa chipata cha Mwami palinso chofanana nacho. Pansi pa ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono, pamakhala desiki ya munthu wothandiza amalonda kudziwa ngati katundu wawo ali pa mndandanda umene mayiko awiriwa adagwirizana, ndi kulemba mafomu. Munthu ameneyo sangakuthandizeni ndi mawu oti "ndanyamula tinthu pang'ono". Adzafunsa kuti tinthu tanji, tingati, ta ndalama zingati, ndipo kwacha yake iti. Amalonda ena amaona mafunso amenewo ngati chipongwe. Ndiwo thandizo lenilenilo.

Komabe tisaunjike zonse pa opanga makina. Ifenso tikamalankhula ndi makina timatenga makhalidwe athu onse a pa gombe. Timawapatsa theka la nkhani poyembekeza kuti theka linalo alidziwa, monga momwe mlamu wathu angalidziwire. Makina sadziwa kuti chaka chatha mtedza wa m'munda womwewo udagwidwa ndi kadukutu, sadziwa kuti mvula idadula masabata awiri, sadziwa kuti "mankhwala aja" ndi ati. Amene wafotokoza malo, mbewu, msinkhu wake, chimene waona ndi chimene wayesa kale amalandira yankho la phindu. Amene waponya mawu atatu amalandira yankho la aliyense, lomwe ndi yankho la palibe. Ndipo pali chodabwitsa chimene tachiona: munthu yemweyo amene waphunzira kufotokozera makina bwinobwino, poti wazindikira kuti makina ndi mlendo, akatembenukira kwa wantchito wake amabwerera ku "ukagule zija". Makina tawapatsa ulemu wa kufotokoza umene mwana wa mnzathu tamumana.

Kwa ife nkhaniyi si yachilendo, ndipo n'chifukwa chake kulephera kwathu kumapweteka. Ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an yolemekezeka, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi nthawi yake yobwezera, pamaso pa mboni. Akatswiri a malamulo a Chisilamu amaphunzitsa kuti malonda olipiriratu katundu asanabwere, amene amatchedwa salam, amaloledwa pokhapokha mtundu wa katundu, muyeso wake ndi tsiku loperekera zadziwika bwino. Nanga kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu wa ku Kapiri kuti akusonkhanitsireni soya si malonda a mtundu womwewo? Mashehe athu adatiphunzitsa zimenezi foni zisanabwere. Ndipo tinene mosapsatira za Insha Allah. Mawu amenewa ndi a munthu amene watsimikiza kuchita chinthu ndipo akuvomereza kuti mphamvu zonse ndi za Allah. Tikawasandutsa chophimba cha lonjezo limene sitikufuna kulisunga, kasitomala amene si Msilamu amaphunzira msanga kuti akawamva ayambe kufunafuna wogulitsa wina. Tsiku litchulidwe, ola litchulidwe, kenaka Insha Allah.

Ena adzati kulemba zonse ndi kusakhulupirirana, ndipo m'bale salemberana ndi m'bale wake. Ife taona zosiyana. Maubale amene asweka kaamba ka malonda a pa foni sadasweke chifukwa wina adalemba. Adasweka chifukwa aliyense adasunga m'mutu mwake mgwirizano wake, onse awiri ali oona mtima, ndipo pa tsiku lowerengera panalibe choti n'kuloza. Akuluakulu a pa mzikiti amene amaitanidwa kudzaweruza milandu yotere amavutika, pakuti wakuba palibe, koma ndalama zasowa. Umboni wokhawo ndi mauthenga a mawu khumi ndi awiri, ena odulidwa, ena ofufutidwa pofuna malo mu foni.

Uthenga wabwino sufuna kutaya ulemu. Salamu ikhalepo, moni akhalepo, za ana zifunsidwe, ndipo zimenezo zitha kupita ndi mawu a pakamwa monga mwa chikhalidwe chathu. Koma pambuyo pake patsatire mizere yochepa yolembedwa payokha, yonga iyi: "Achimwene, mtedza woswa wa CG7, wouma, matumba 20 a makilogalamu 50 pa sikelo. Mtengo wa kilogalamu ndi womwe tagwirizana, m'kwacha ya Malawi. Galimoto inyamule pa Kamwendo Lachitatu pa 14, isanakwane 10 koloko m'mawa. Zonyamulira ndi zanga. Mundibwezere uthengawu momwe mwaumvera." Mzere womalizawo ndiwo wovuta kuulemba, chifukwa umavomereza kuti wolembayo naye atha kukhala kuti sadamveke.

Chotsala ndi amene salemba ndi amene Chichewa si chinenero chawo choyamba. Mayi wa ku Makanjira amene amaganiza m'Chiyao amauza mdzukulu wake, mdzukulu amatembenuzira m'Chichewa, nalemba pa foni, ndipo kumapeto kwina kuli mnyamata wa kwa Mlonyeni, kapena wogula wolankhula Chinsenga, kapena makina amene Chichewa chomwecho amachidziwa mwa apo ndi apo. Pa mlumikizo uliwonse pamagwa kanthu. Opanga mapulogalamu akamawerenga kuchuluka kwa mafunso amene makina awo ayankha, awerengenso kuti ndi mafunso angati amene makinawo adabweza kwa wofunsa, ndi angati amene adati izi zafunika mlangizi adzaone ndi maso. Nawo a wailesi ya Mudzi Wathu ku Mchinji ndi mawailesi athu a kunyanja, polengeza mitengo ya mbewu ndi nsomba, atchule muyeso ndi ndalama yake nthawi iliyonse, ngakhale zikumveka ngati kubwereza zodziwika kale, chifukwa mawu a pa wailesi sadziwa pomwe malire a dziko ali.